Namabuku wa ku Falticeni

Basi yopita kufakitale yosoka zovala inkachedwa tsiku ndi tsiku, koma Sorana yekha ndiye sankadandaula. Anzake ankapondaponda pansi ndi kuzizira, uku akutukwana dalaivala ndi mtundu wake wonse. Iye ankangotsamira mzati wa pasiteji, buku lili m'manja, milomo ikugwedezeka ngati ya munthu wopemphera.

M'mawa wina mu Okutobala, nyengo imene tauni yonse ya Falticeni imanunkhira maapozi, anamva mawu kumbuyo kwake.

"Pepani achemwali, kodi mukutipempherera tonse kapena nokha?"

Sorana anacheuka. Anali mnyamata wamtali, wovala jekete lachikopa lotha m'zigongono, atapanira buledi wotentha m'khwapa.

"Ndikuwerenga," anayankha mwachidule.

"Ndi pakamwa?"

"Nanga inu buledi wanuyo mudya ndi maso? Mawu okoma amafunika kuwalawa."

Mnyamatayo anaseka mpaka amayi onse pasiteji anatembenuka.

"Ndiye tisinthane! Ine ndikunyemerani buledi, inu mundigawireko mzere umodzi wokha."

Chimene chinamugwira Sorana tsiku limenelo, mpaka lero sachidziwa. Mtsikana wamanyazi, amene sankayankha ngakhale moni wa anyamata, anatsitsa mawu n'kumuwerengera mlendo ndime yonse. Atadzutsa maso anapeza mnyamatayo wasiya kuseka.

"Mayo ine! Mawu amenewa mumangowabisa m'kamwa chonchi? Ndi tchimo limeneli."

Dzina lake anali Tiberiu, koma anati amene amamukonda amangoti Tibi. Kwawo kunali kutali, kufupi ndi malire a dziko la Hungary. Ankayendetsa lole. Ku Falticeni ankabwera kudzanyamula matabwa opita nawo ku Spain, ndipo podikira kuti amupachirire katundu ankagona m'lole momwemo.

Basi itafika, Tibi anathamangira pawindo.

"Namabuku! Nambala yanu! Mukufuna ndife osadziwa kuti nkhaniyo inatha bwanji?"

Doina, mnzake wa Sorana amene ankasoka pa makina oyandikana ndi ake, ndi amene anakuwa nambalayo kudzera pawindo. Sorana anamutsina pantchafu, koma nkhope inali itafiira ngati apozi.

Uthenga unalowa asanafike n'komwe kuntchito.

"Namabuku, buledi wanga wazizira koma mtima watentha. Ndikadzabweranso mudzandiwerengere ndime yachiwiri."

Sorana anali mwana wa mabuku kuyambira pachiyambi. Malemu bambo ake, a Ilarion, ankagwira ntchito ya njanji. Sanapite patali ndi sukulu, koma kale lija, pamene anthu ankaima pamzere kudikira mafuta ophikira, iwo ankaimanso pamzere wina kudikira buku. Anasiya kabati yagalasi yodzaza mpaka pamwamba, buku lililonse litakutidwa ndi pepala la kalendala yakale.

Malamulo awo Sorana ankawasungabe. Kusamba m'manja usanagwire buku. Osapinda ngodya ya tsamba. Iye ankaika tikiti ya basi pamene walekezera. Ndipo lamulo lalikulu kuposa onse: osasuzumira mathero.

"Kusuzumira mathero ndi kuba, mwana wanga," ankatero bambowo. "Ukudzibera wekha."

Lamulungu masana, akadya, bambowo ankavula nsapato, n'kumukhazika pambali pawo n'kumawerenga mokweza. Atamwalira, m'nyumbamo munatsala Sorana ndi amayi ake, mayi Aglaia, amene ankakonda kanema kuposa pepala. Kuyambira pamenepo Sorana ankawerengera milomo yake yokha. Anali asanadziwe kuti ali ndi ludzu la khutu lomumvera, mpaka tsiku la buledi lija.

Tibi anabweranso mwezi usanathe. Kunali mvula, ndiye anamuitanira m'lole. Munali fungo la khofi ndi la malalanje amene anamubweretsera. Sorana anavula nsapato, n'kupinda miyendo pampando, n'kuyamba kuwerenga, mvula ikuimba padenga.

Atamaliza masamba angapo anamva mkonono.

"Tibi! Wagona?"

"Ine? Ayi, ndimangotsinzina kuti ndiwaone bwino anthu ako a m'bukumo."

"Bodza! Ndati chiyani pomaliza?"

"Wati umandikonda."

"Sindinanene zimenezo!"

"Ndiye nena tsopano, kuti ndisakhale wabodza."

Sorana anamumenya ndi chipewa. Koma pamene ankatsika m'lolemo, mawuwo anali atanenedwa.

Tsiku lonyamuka, Tibi anamugwira manja onse awiri.

"Mtima wanga, msewu wa ku Spain ndi wautali. Wailesi imangolankhula zilankhulo za eni ake. Bwanji uzindijambulira mawu ako pafoni? Chaputala chimodzi patsiku. Ndiziyenda nawe m'khutu."

"Sudzagona pachiwongolero?"

"Ndigone bwanji mngelo akulankhula?"

Anangopempha chinthu chimodzi.

"Buku lizikhala buku. Mawu athu achikondi uzitumiza paokha, ndizikawasunga padera, pafupi ndi mtima. Usamasakanize uchi ndi tiyi, ndimafuna kulawa chilichonse pachokha."

Sorana anaona ngati ndi mawu anzeru kwambiri. Mwamuna wolemekeza buku chonchi, angapezeke kuti?

Nyengo yachisanu ya chaka chimenecho! Sorana akaikumbukira lero, mtima umachita ngati wina waufinya pang'onopang'ono.

Akaweruka ankathamangira kunyumba, kusamba m'manja, n'kudzitsekera pakhonde lotchingidwa ndi magalasi, pakati pa mabotolo a nkhaka ndi tsabola amene amayi ake anafutsa. Ankafunda jasi lakale la bambo ake, n'kutsamiritsa foni pabotolo. Kunja chipale chofewa chikugwa mwakachetechete, mpweya wa m'kamwa ukuoneka ngati utsi, iye akusinthasintha mawu: apa wankhalamba, apa mwana, apa msilikali wolusa.

"Ukulankhula ndi nkhaka?" ankafunsa mayi Aglaia akugogoda pagalasi.

"Amayi! Mwandiwonongera, ndiyambirenso!"

Ndipo m'mawa mwake yankho linkabwera. Limenelo ndiye linkamupha Sorana.

"Duwa langa, mayi wamasiye uja sakulira mwamuna wake ayi. Akulira zaka zimene anamutayira."

Tsiku lina:

"N'chifukwa chiyani wolemba uyu amapha agalu okhaokha? Anthu oipa amawasiya! Ndakwiya naye."

Sorana ankawerenga mauthengawo mobisa pansi pa nsalu, makina akulira, n'kumamwetulira yekha.

"Taona, Doina. Dalaivala wa lole, koma amaona zimene ngakhale ine sindinaone. Buku limeneli ndaliwerenga kangapo, koma za mayi wamasiyeyo sindinaziganizepo."

Doina analuma ulusi n'kuulavula.

"Iwe mwali, dalaivala wa lole amakhala ndi khitchini m'tauni iliyonse. Kwawo unafikako? Mlongo wake unamuonapo?"

"Nambala unapereka ndiwe!"

"Ndinapereka nambala, sindinapereke mutu wako. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo."

"Nsanje basi."

"Nsanje ya chiyani? Wanga ndi wonenepa, ndi waulesi, koma ndikatambasula mwendo ndimamugunda."

Sorana ndi Tibi anamaliza buku loyamba, kenako lachiwiri. Itadutsa Khirisimasi, imene Tibi anati waidyera pamsewu chifukwa cha bwana wankhanza, anapempha zachilendo.

"Wachikondi, tsopano sankha buku lopanda maliro a ana. Mtima wanga sukufuna zimenezo masiku ano."

Sorana anaima nthawi yaitali pakabati ya bambo ake. Anatulutsa buku lonenepa, limene bambowo ankalikonda kuposa onse: nkhani ya mtsikana amene anathawa pa tsiku la ukwati wake n'kukagwira ntchito yophika m'bwato lonyamula tirigu pamtsinje waukulu, kusiya bambo ake okalamba ali okha kumudzi.

Atatumiza machaputala oyambirira, yankho linati:

"Mtsikana ameneyu sakuthawa mwamuna. Akuthawa kufanana ndi amayi ake."

Sorana anaika foni pachifuwa. Kodi si zomwezo zimene bambo ake ananena tsiku lina, iye ali wamng'ono, asanazimvetse? Madzulo a tsiku limenelo, atamaliza kuwerenga, anaiwala lamulo lija.

"Ugone bwino, mti..." Anadzigwira pakamwa n'kudula. Anatumiza momwemo, akuseka yekha. Kenako anajambula mawu ena paokha: "Mtima wanga, ndikadzakhala nkhalamba yopanda mano ndidzakhala ndikukuwerengerabe."

Tibi ankafika ku Falticeni mwa apo ndi apo. Ankakumana m'lole kapena m'kanyumba ka khofi kufupi ndi msika. Kunyumba sankafuna kufika.

"Ndikaonekere kwa amayi ako ndi fungo la dizilo? Ayi. Ndidzabwera ngati munthu, nditavala suti."

"Liti?"

"Pa Pasaka. Maapozi akadzachita maluwa, ndidzagogoda pakhomo panu, mphete ili m'thumba. Ndikulumbira pa manda a agogo anga!"

Akakhala pamodzi chonchi, Sorana akamufunsa za bukulo, Tibi ankamupsompsona pamphumi.

"Za buku tidzakamba pafoni. Panopa ndikuwerenga nkhope yako."

Pasaka inafika. Mayi Aglaia anakolopa nyumba yonse, anachapa makatani, anapaka mazira utoto wofiira. Anawotcha nyama ya nkhosa ndi kuphika buledi wotsekemera wa mtedza, wofufuma bwino kuposa zaka zonse. Anatulutsa mbale za maluwa zimene zinali zisanagwiritsidwe ntchito chimwalirire a Ilarion. Sorana anavala diresi yobiriwira imene anadzisokera yekha.

Atabwera kuchokera kutchalitchi anakhala patebulo. Anadikira. Msuzi unagwira mafuta pamwamba. Oyandikana nawo anadya, anaimba, anayamba kutsuka mbale.

Foni inalira dzuwa litapendeka.

"Namabuku wanga, usakwiye. Lole yafa ku France. Ndili ndekha pamsewu ngati galu. Ndikulira."

Mayi Aglaia ananyamula mbale yachitatu, n'kuipukuta ngakhale inali yoyera, n'kuibwezera m'kabati. Zimenezo zinamupweteka Sorana kuposa kukalipa.

Anapita pakhonde paja n'kulemba.

"Tibi, buku lathu latsala chaputala chimodzi. Sinditumiza. Mathero ake udzawamvera m'khitchini mwa amayi anga, utakhala pampando, kapena sudzawamva konse."

"Dali, usatero! Ndilange ndi china chilichonse, koma osati chimenechi!"

"Bwera."

"Ungotumiza theka lokha. Chonde. Sindikugona."

"Bwera, Tibi."

Tsiku lililonse ankapempha. Ankatumiza zithunzi za maluwa, nyimbo, nkhope zolira. Sorana ankamva chisoni, komanso pansi pa mtima ankanyada. Ndani wina amene bwenzi lake limalirira chaputala cha buku?

Maluwa a maapozi anayoyoka. Lamulungu lina masana, amayi ake atapita kumanda kukathirira maluwa a bambo, foni inalira. Nambala inali ya ku Spain, koma yachilendo. Sorana anaganiza kuti Tibi wabwereka foni ya mnzake.

"Halo?"

Kunamveka mawu a mzimayi, osangalala ngati a mwana.

"Ndi inuyo! Mulungu wanga, mawu ake ndi omwewa! Pepani mayi, ndakuimbirani tsiku lopuma. Ndinu mayi a ku laibulale ya ku Falticeni, eti?"

"Ku laibulale? Ndani kodi?"

"Simundidziwa. Ndine Mirela, mkazi wa Tibi, dalaivala uja mumamutumizira mabuku."

Sorana anafufuza mpando ndi dzanja. Sanaupeze. Anakhala pansi pomwepo, msana utatsamira kabati ya bambo ake.

Mkazi wa ndani?

Mzimayiyo ankangolankhula, mawu akuthamanga.

"Musamuuze kuti ndaimba, andikalipira. Dzulo anasiya foni patebulo akusamba, ndiye ndinaba nambala yanu. Analemba kuti Laibulale Falticeni. Anandiuza kuti kwanuko munakonza zoti muziwerengera madalaivala a maulendo aatali. Mulungu akudalitseni, mayi! Koma akuti mwadwala pakhosi, n'chifukwa chake mwasiya. Mwapezako bwanji?"

"Ndili... ndili bwino."

"Muzimwa tiyi wa uchi ndi ndimu. Ine ndingokuuzani zoona, mabukuwo amene amamvera ndine. Ndili ndi pakati. Mimba yoyamba inachoka, ndiye ulendo uno adokotala anandigoneka kuyambira mwezi wa Januwale. Osanyamula kanthu, osakwera masitepe. Ndimangokhala chigonere m'kachipinda kuno ku Castellon, kuyang'ana denga. Amayi anga ali kumudzi. Iye ali pamsewu. Pakanapanda mawu anu ndikanapenga misala."

Sorana anadzikakamiza kufunsa.

"Nanga... amuna anuwo samvera?"

Mirela anaseka kwambiri.

"Tibi? Buku? Ameneyo ngakhale kapepala ka mankhwala ndimamuwerengera ndine! Iye amangonditumizira. Kenako amandifunsa, lero zinali bwanji, waganiza chiyani? Akuti aziyamikira ku laibulale, musamaone ngati mukutaya nthawi. Kodi anakuuzani zimene ndinanena za mtsikana wa m'bwato? Ndinati ameneyu sakuthawa mwamuna, akuthawa kufanana ndi amayi ake. Ndinalakwa?"

Sorana anatseka maso.

Ndiye kuti miyezi yonseyi ankacheza ndi ndani? Ankamwetulira mawu a ndani pansi pa nsalu? Munthu amene anamukonda chifukwa cha mmene amamvera nkhani, amene anakwiya ndi wolemba wopha agalu, amene anapempha buku lopanda maliro a ana, sanali mwamuna wa jekete lachikopa. Anali mzimayi uyu, wogona chagada m'dziko la eni.

"Halo? Mulipo, mayi?"

"Ndilipo. Simunalakwe."

"Ndiye ndikupempheni chinthu. Sindikufuna muvutike kujambula. Mungondiuza basi. Mtsikana uja akafika kumudzi, akawapeza bambo ake ali moyo? Ndakhala ndikulota zimenezi. Ndikuopa kuti ndingapite kuchipatala ndisanadziwe."

Mawu anali atafika kale pamilomo ya Sorana. Akanatha kukuwa. Akanatha kunena za lole, za malalanje, za mphete, za mbale yachitatu. Koma anaona m'maganizo mwake mzimayi wotopa, dzanja lili pamimba, ali yekhayekha m'chipinda.

"Mathero sauzana," anatero motsitsa. "Dikirani nditenge bukulo."

Anadzuka, anatsegula kabati, anapeza tikiti ya basi pamene analekezera. Anakhalanso pansi n'kuyamba.

Poyamba mawu anayenda bwino. Mtsikana wa m'bwato anatsika padoko, anakwera ngolo ya munthu wogulitsa mchere, anayenda wapansi kudutsa minda ya chimanga. Mirela ankapumira m'mwamba, nthawi zina n'kunong'ona kuti, "Fulumira, iwe, fulumira!"

Kenako mtsikanayo anafika pakhomo. Anapeza bambo ake ali moyo, atagwada, akukonza mpanda umene unagwa ndi mphepo. Nkhalambayo inamuyang'ana kamodzi, n'kumupatsa thabwa. "Wabwera? Gwira apa."

Pamenepo Sorana analephera. Mawu anasweka pakati. Anayesa kuyambiranso mzerewo, koma chimene chinatuluka chinali kulira, kulira kwenikweni, kosabisika, kogwedeza mapewa.

Mirela anadikira. Atalankhula, chisangalalo chija chinali chitachoka.

"Mayi, pamenepa ndi posangalatsa. Bukuli mukulidziwa kale. Mukulira chiyani?"

Kenako Mirela anafunsanso.

"Simugwira ntchito ku laibulale, eti?"

"Ayi. Ndimasoka malaya kufakitale."

"Tsiku lina, kukuzizira kuja, munamaliza chaputala n'kunena kuti, ugone bwino, mti... kenako zinaduka. Ndinabwereza kangapo. Ndinadziuza kuti mumalankhula ndi mwana wanu." Anapuma. "Muli ndi mwana?"

"Ndilibe."

"Mwamuna wanga mumamudziwa bwanji?"

Kunama kunali kosavuta. Koma Sorana anali atatopa ndi mabodza a munthu wina.

"Anandiuza kuti ali yekha. Ndikulumbira pamaso pa Mulungu, sindinkadziwa. Anati adzabwera ndi mphete pa Pasaka."

"Pa Pasaka," Mirela anabwereza pang'onopang'ono. "Pa Pasaka anali pano. Ankapenta kabedi ka mwana."

Kenako kunamveka phokoso ngati la munthu amene wakwirira nkhope mupilo. Sorana anachita mantha.

"Mirela! Chonde pumani bwino. Ganizirani mwana. Pali wina pafupi? Ndiimbire ndani?"

"Mwana ali bwino. Akundigunda, mwina nayenso wamva." Anamina. "Dzina lanu ndani? Miyezi yonseyi mwakhala m'chipinda changa, koma dzina sindikulidziwa."

"Sorana."

"Sorana. Ndimafuna ndikudeni. Ndikuyesetsa panopa, koma zikukanika. Mawu anu ndi amene ankandigwira dzanja pamene ndinkaopa kuti uyunso achoka."

"Mundikhululukire, achemwali."

"Mwandilakwira chiyani? Tavumbwa ndi mvula imodzi." Kenako anafunsa, "Latsala lalitali?"

"Masamba ochepa."

"Malizani."

"Panopa? Pambuyo pa zonsezi?"

"Za iyeyo ndithana naye akabwera, ndipo adzadziwa kuti ndinabadwa kwa ndani. Koma buku ili si lake. Sanamvepo ngakhale tsamba limodzi. Ndi lathu, inu ndi ine. Atilande zonse, ndi mathero omwe? Pukutani misozi, Sorana. Mtsikanayo wagwira thabwa, kenako?"

Sorana anapukuta maso ndi mkono wa malaya. Anapeza mzere uja ndi chala, n'kupitiriza.

Anawerenga mmene bambo ndi mwana anakhomera mpanda wonse osalankhulana, mmene anadyera supu m'mbale imodzi, mmene mtsikanayo m'mawa mwake anatsegulira mawindo onse a nyumbayo. Sanaimenso mpaka pa dontho lomaliza.



"Ndinkadziwa kuti awapeza," anatero Mirela. "Zikomo. Sindidzaimbanso, mundimvetse."

"Ndikumvetsa. Muchire bwino, inu ndi mwana."

"Nanunso. Ndipo musadzasiye kuwerenga mokweza chifukwa cha chitsiru chimodzi."

Foni inaduka.

Mayi Aglaia atabwera kuchokera kumanda anapeza mwana wawo ali pansi, buku lili pamiyendo, maso atatupa. Anaika chidebe chothirira pakhomo. Sanafunse zambiri.

"Ali ndi mkazi?"

Sorana anavomera ndi mutu.

Mayiwo anadzitsitsa movutikira, maondo akulira, n'kukhala pansi pambali pake. Anamukokera pachifuwa ngati kamwana.

"Lira, mwana wanga. Ulire zonse lero, mawa kuli ntchito."

Ali chikhalire choncho, foni inanjenjemera pansi. Sorana anaitola.

"Namabuku wanga, duwa la mtima wanga! Nkhani yabwino! Loweruka ndikudzanyamula matabwa. Kunyumba sindifika ulendo uno, nthawi yachepa, koma ubwere ku lole ndi buku lathu. Ndikufa ndi chidwi! Umandikondabe?"

Sorana anauwerenga uthengawo mpaka kumapeto. Analemba pang'onopang'ono, chilembo ndi chilembo.

"Buku latha, Tibi. Mathero ake ukamufunse Mirela."

Anatumiza, n'kuzimitsa foni.